Galimoto ya mpikisano ingayende pamsewu wa ku UK? Yankho kwa m'bale wa ku Leicester

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amakhala ku Leicester. Akuti wapeza galimoto ya mpikisano ikugulitsidwa motchipa, ya mtundu wa Locost, zija za mipando iwiri zopanda denga, zooneka ngati Lotus Seven. Mwini wake wakhala akuithamangitsa m'mipikisano ya 750 Motor Club, ndipo sinapondepo pamsewu wa anthu onse, amangoinyamula pa thirela. Funso lake ndi ili: "Ndikaigula, ndingathe kuilembetsa n'kumapita nayo kuntchito nthawi yotentha? Pafunika chiyani?"

Achimwene, n'zotheka ndithu, anthu kuno amachita chaka ndi chaka. Koma musanatsegule boneti kuti muone injini, uzani mwiniwakeyo akutulutsireni mapepala. Magetsi ndi hutala mukhoza kugula pa intaneti usiku uno. Chimene simungagule ndi mbiri ya galimotoyo: anaipanga ndani, chitsulo chinachokera kuti, injini ndi ya chaka chanji. A DVLA, ofesi ya boma yolembetsa galimoto ku Swansea, amalembetsa galimoto imene akudziwa kumene yachokera, kuthamanga kwake alibe nako ntchito.

Galimoto za mpikisano zili pawiri. Zina zinabadwa ngati galimoto wamba, monga Mazda MX-5 kapena Renault Clio, kenako mwini wake anachotsa mipando ndi makapeti n'kuikamo khola la zitsulo loteteza woyendetsa ikagubuduzika. Yotereyi ikakhala ndi V5C, ija kumudzi timati blue book, ntchito ndi yochepa: kubwezera zofunika pamsewu, kukhoza MOT (mayeso ofanana ndi COF yakwathu), inshuwalansi, msonkho, basi. Chenjerani chabe kuti galimoto zambiri za mpikisano zimamangidwa pa thupi la galimoto yomwe inachita ngozi. Ngati a inshuwalansi anaiika mu Category A kapena B, magulu a galimoto zoonongeka kotheratu, kapena inapatsidwa Certificate of Destruction, chikalata chosonyeza kuti inaphwasulidwa, imeneyo pamsewu siidzabwereranso, kaya muikonze bwanji.

Yanuyi ili m'gulu lachiwiri, losalembedwapo chibadwire. Njira yake ndi IVA, kutanthauza Individual Vehicle Approval, mayeso amene amachititsa a DVSA, bungwe la boma loyesa galimoto. Analowa m'malo mwa mayeso akale otchedwa SVA mu 2009, choncho mukamawerenga malangizo akale pa intaneti muziyang'ana chaka. Musaiyerekeze ndi MOT, kapena COF yakwathu. MOT imaona ngati zimene zili pagalimoto zikugwira ntchito. IVA imafunsa ngati galimotoyo inapangidwa moyenera kuyambira pachiyambi, ndipo woyesa amatha nayo maola angapo. Pa galimoto zimene anthu amamanga okha amalipira mapaundi 450, ndipo kubwereza mukalephera ndi 90. Buku lonse limene woyesa amatsatira lili pa webusayiti ya boma ya gov.uk, laulere. Lisindikizeni, muzungulire nalo galimotoyo cholembera chili m'manja.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti zinthu zimene zimaipambanitsa pampikisano ndi zomwezo zimene zimailepheretsa pa IVA. Tiyambe ndi mabuleki. Othamangitsa amakonda kachitsulo kosinthira mphamvu ya mabuleki pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Pamsewu safuna kuti munthu azikasintha mmene wafunira, ndiye kamayenera kukhomedwa mosatheka kusunthanso. Handibuleki ya mafuta nayo sivomerezedwa ngati buleki yoimikira, pamafunika ya waya kapena yazitsulo, yoti igwire galimoto pamtsetse ngakhale mafuta a mabuleki atatayika. Matayala osalala aja iwalani: lamulo limafuna mizere yozama mamilimita 1.6 kapena kuposa, ndipo tayala likhale ndi chizindikiro chovomereza kuti ndi la pamsewu.

Phokoso ndi pena pamene mudzataye ndalama. Pa IVA malire ndi ma decibel 99, poyeza theka la mita kuchokera pa ekizozi, pamene m'mipikisano yambiri amalola kufika 105. Papepala zikuoneka ngati kusiyana n'kochepa, koma m'khutu ndi nkhani ina. Konzekerani kugula sayilensa yaikulu.

Ndiye pali nkhani ya nsonga zakuthwa, imene imaliritsa amuna aakulu. Woyesa amayendetsa mpira wa mamilimita 100 kunja kwa galimoto, ndi wina wa 165 m'kati. Paliponse pamene mpirawo wakhudza payenera kukhala pobulungira, kawirikawiri ndi radiyasi yosachepera mamilimita 2.5. Pa Locost, pamene zitsulo zonse za mawilo akutsogolo zili pamtunda, ndiye kuti nati iliyonse ikufunika kachisoti kake ka pulasitiki, m'mphepete mwa madigadi mukufunika labala, masiwichi a pa dashibodi aja ooneka ngati a m'ndege achoke kapena atetezedwe. Ine poyamba ndinkaziona ngati zachibwana. Koma ukaganiza za mwana amene wagundidwa pang'ono chabe n'kugwera pa bawuti yotuluka, umangokhala chete n'kukagula tizisotito.

Zina zonse ndi zogula n'kuika. Magetsi aakulu okhala ndi chizindikiro cha E chosonyeza kuti ndi ovomerezeka, osatsika kuposa mamilimita 500 kuchokera pansi, zimene pagalimoto yaifupi chonchi muyenera kuyeza ndi tepi, osati ndi maso. Maindiketa, getsi la chifunga kumbuyo, getsi la rivesi, hutala, magalasi oonera kumbuyo, sipidomita yowerenga mamailosi yomwe siisonyeza liwiro lochepera kuposa limene mukuyenda. Mukaika galasi lakutsogolo, ndiye kuti mwaitana mawayipa, madzi otsukira ndi chochotsera nthunzi, n'chifukwa chake ambiri amapita kumayeso opanda galasilo.

Tibwerere ku mapepala, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene chili kumbali yanu. Ma Locost a mpikisano umenewu amayendera injini ya Ford Crossflow ya 1300cc, injini yakale imene inayamba kupangidwa mu 1967. Pa galimoto zomanga okha, utsi amauyesa motsatira zaka za injini. Mukakhala ndi umboni wolembedwa wa chaka chake, mayeso a utsi ndi ofewa. Mukapanda umboni, adzaiyesa ngati injini yamakono, ndipo injini ya kabureta yopanda catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, singakhoze. Kapepala kamodzi kokha kangakupulumutseni ku kusintha injini yonse.

Vuto lina ndi lakuti simunaimange ndinu. Gulu la IVA la galimoto zomanga okha, lotchedwa Amateur Built, limafuna umboni wakuti galimoto inamangidwa ndi munthu wamba kuti aziigwiritsa ntchito yekha, osati kampani: zithunzi za nthawi yomanga, malisiti, ndi kusainira. Ngati yadutsa m'manja mwa anthu atatu ndipo womanga woyamba sakudziwika, lemberani a DVSA muwafunse gulu limene ingalowe musanaigule. Ifunikanso nambala ya chesisi, VIN, yodindidwa pachitsulo penipeni.

Mukakhoza, mumatumiza ku DVLA satifiketi ya IVA, fomu ya V627/1 yofotokoza kumene zipangizo zazikulu zinachokera, fomu yolembetsera ya V55, malisiti, msonkho wa pamsewu ndi mapaundi 55 olembetsera koyamba. Popanda V5C ya galimoto imene anachotsako injini ndi giyabokosi, yembekezerani nambala yoyamba ndi Q, kusonyeza kuti zaka zake sizikudziwika bwino. Ena amainyoza, ndipo simungaisinthe n'kuika nambala ya dzina lanu, koma apolisi sadzakuimitsani chifukwa cha iyo. Inshuwalansi funsani kwa makampani a ma kit car, galimoto zomanga okha zija, chifukwa mawebusayiti oyerekeza mitengo aja galimoto yotere saidziwa n'komwe.

Olemera ali ndi njira zawo. Mu 1975 Count Rossi, wa kampani ya Martini, anafuna kuyenda pamsewu ndi galimoto ya mpikisano ya Porsche 917, ndipo nambala anakaipeza ku Alabama ku America, n'kuiyendetsa kuchoka ku Germany mpaka ku Paris. Kampani ya Lanzante nayo yakhala ikusandutsa McLaren P1 GTR, yopangidwira bwalo la mpikisano, kukhala ya pamsewu. Inu ndi ine tilibe Alabama, tili ndi mzere wa ku DVSA.

Maganizo anga ndi awa. Ngati chimene mukufuna ndi kuyenda, gulani Locost kapena Westfield, ina yofanana nayo, yolembedwa kale, ndipo muonetsetse kuti V5C ikutchula galimotoyo, osati Ford Escort imene anaiphwasula kalekale potengako zipangizo. Mukaphatikiza mtengo wa iyi ndi zokonza ndi mayeso, kutchipa kuja kumatha. Koma ngati muli ndi galaja youma ndipo mukufuna chochita miyezi yozizira, muimbireni mwiniwakeyo mumufunse za zithunzi zomangira, malisiti ndi nambala ya injini. Akazipeza, munditumizire nambala ya injiniyo tione limodzi kuti ndi ya chaka chanji.