Tifunseni: bwanji adona amakana mpunga kawiri pa mwezi?

FUNSO: Akonzi ndimagwira ntchito yophika pakhomo pa amwenye ena ku Limbe kuno, ndi achihindu osati asilamu, nde chomwe chikundizunguza mutu nchoti pali masiku ena adona amangodzuka nkunena kuti lero mpunga ayi, chapati ayi, nyemba ayi, ati akusala, koma mbatatesi ndi mtedza akudya bwinobwino mpaka tiyi wamkaka, kusala kwake nkuti pamenepa? Tsikulonso silikhazikika, mwezi uno lagwa Lachiwiri mwezi wina Loweruka, ndikafunsa amangondilozera kalendala ya zilembo zachilendo yomwe ili kukhitchini. Tandithandizeni ndizidziwiratu. Mayi wa ku Limbe.

YANKHO: Mayi, tsiku mukunenalo amalitcha Ekadashi ndipo adona anu sakungolota ayi, akutsata mwezi wakumwambawu osati kalendala ya Januwale mpaka Disembala yomwe inu mumawerengera malipiro. Ahindu amaudula mwezi pawiri, mbali imodzi ndi pomwe mwezi ukukula kuchoka pa mdima mpaka kudzaza, amati Shukla paksha, ina ndi pomwe ukuchepa kubwerera ku mdima, Krishna paksha, ndipo mbali iliyonse ili ndi masiku 15. Tsiku la nambala 11 mmbali zonse ziwiri ndiye Ekadashi, tsiku la mulungu wawo Vishnu, nchifukwa chake mukuliona kawiri pa mwezi, pa chaka limakwana ka 24. Nde ngati kalendala ya kukhitchiniyo ikukukanikani ingotulukani panja usiku muyang'ane kumwamba, mukaona kuti patsala masiku ngati anayi kuti mwezi udzaze, kapena masiku anayi kuti ufe, dziwani kuti mpunga uli pafupi kukanidwa.

Zoti akudya mbatatesi musadabwe nazo. Kusala kwa Ekadashi kwenikweni nkusiya mbewu zamaso monga mpunga, tirigu, chimanga komanso za mtundu wa nyemba, nandolo, mphodza zawo zija amati dal, ndipo ambiri amasiyanso anyezi ndi adyo. Zotsalazo ndi zololedwa, zipatso, mkaka, chambiko, mbatata, mbatatesi, mtedza, anthu ochokera ku Gujarat, dera lina la ku India, chakudya chotere amachitcha farali. Tinthu toyera tobulungira tomwe amakuuzani kuti munyike mmadzi usiku, sabudana, musatiope, ndi chinangwa chomwechi angochikonza mwina, ndipo ufa wa rajgira omwe amapangira tizitumbuwa pa tsikuli ndi njere za mtundu wa bonongwe zogaya basi. Mchere nawo ena amasintha, amafuna wamiyala uja osati wa mpaketi. Chomwe muyenera kusamala nacho inu ophika ndi mafuta ndi chipande, mafuta omwe munakazingira samusa dzulo osawabwezera mpoto ya farali chifukwa muli ufa wa tirigu, kwa munthu wolimbikira chipembedzo kusala konse kwaonongeka pamenepo.

Ena amasaladi osadya kanthu, ndipo pali Ekadashi imodzi pa chaka yotchedwa Nirjala, imagwa cha mu Meyi kapena Juni, yomwe ngakhale madzi sakhudza kuyambira mmawa mpaka dzuwa la mawa lake litatuluka, tangoganizani ku India nyengo imeneyo nkotentha koopsa. Kumasula kumachitika mawa lake mmawa dzuwa litatuluka ndipo kuli ndi nthawi yake yoikika, nde tsiku lotsatiralo kadzutsa asachedwe.

Tsono pali kena komwe kamasokoneza ngakhale eni akewo. Tsiku la mwezi, lomwe amati tithi, silikhala maola 24 ngati lathuli. Amawerengera mmene mwezi watalikirana ndi dzuwa, ukasuntha madigiri 12 ndiye tithi imodzi yatha, ndipo poti mwezi nthawi zina umathamanga nthawi zina umachedwa, tithi itha kukhala maola pafupifupi 20 kapena kupitirira 26, itha kuyamba 3 koloko masana nkutha mawa lake 11 koloko. Kawirikawiri amatenga tithi yomwe ilipo dzuwa likamatuluka, ndiye poti India ali patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka, kalendala yosindikizidwa mu mzinda wa Ahmedabad ku India nthawi zina imasiyana ndi tsiku limodzi ndi zomwe alengeza kukachisi ku Blantyre. Ine ndikanakhala inu ndikanangowapempha adona kumayambiriro kwa mwezi kuti andichongere masiku awiriwo pa kalendala yathu yomweyi, nkhani yatha, pakuti makomo amasiyana, zomwe amalola pakhomo lina pena amakana.

FUNSO: Ine ndimapikula katundu mmashopu a amwenye ku Area 2 ku Lilongwe, chaka china ndinapeza ena atseka mu Novembala ati Diwali, chaka china mu Okutobala ati Diwali yomweyo, usiku makombola phuu phuu. Kodi Khirisimasi yawoyi ilibe deti? Bambo wa ku Mchinji.

YANKHO: Deti ilipo achimwene koma ndi ya mwezi. Diwali imagwa usiku omwe mwezi wafa, mdima wa bii, womwe amati Amavasya, pakati pa mwezi wawo wa Ashvin ndi Kartik, nchifukwa chake amayatsa tinyali tadothi ta mafuta pakhonde ndi mmawindo monse, kukumbukira kubwerera kwa mulungu wawo Rama kwawo ku mzinda wa Ayodhya atatha zaka 14 kuthengo komanso kulandira Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma. Miyezi 12 ya kumwamba imakwana masiku 354 okha, kuperewera masiku 11 pa chaka chathu, nde chikondwerero chilichonse chotsata mwezi chimabwerera mmbuyo ndi masiku ngati 11 chaka ndi chaka. Taonani, mu 2023 Diwali inali pa 12 Novembala, mu 2024 pa 31 Okutobala ena pa 1 Novembala chifukwa cha nkhani ya tithi ija mpaka akuluakulu awo owerengera nyenyezi anatsutsana, mu 2025 pa 20 Okutobala.

Ikanamangobwerera choncho bwenzi chaka china itagwa mu Juni, koma pakatha pafupifupi miyezi 32 kapena 33 amaonjezera mwezi wina wathunthu, Adhika masa, chaka chimenecho nkukhala ndi miyezi 13 ndipo ma Ekadashi amakwana 26. Zinachitika mu 2023 pomwe mwezi wa Shravan unabwera kawiri, ndiye Diwali yomwe mu 2022 inali pa 24 Okutobala inalumphira mu Novembala. Mukafuna kusapsa ulendo, kuyambira pakati pa Okutobala mpaka pakati pa Novembala muziyamba mwaimba foni.

Ndipo si tsiku limodzi lokha. Ahindu ambiri amene makolo awo anabwera kuno anachokera ku Gujarat, kumeneko chaka chatsopano chimayamba Diwali ikangotha, amati Bestu Varas, amalonda amatseka mabuku akale a ndalama nkupempherera atsopano pa mwambo wa Chopda Pujan, nde sitolo kutseka masiku awiri si zachilendo. Chaka chawo cha Vikram Samvat chili patsogolo pa chathu ndi zaka 56 kapena 57, mukaona 2082 pa kalendala ya mushopu musaganize kuti osindikiza analedzera kkkk. Koma musaiwale kuti amwenye ambiri muno ndi asilamu, amenewo Diwali siwakhudza, amatseka pa Eid.

FUNSO: Kodi kusala kwa ahindu nchimodzimodzi Ramadan? Mtsikana wa ku Mangochi.

YANKHO: Ayi chemwali, onse amayang'ana mwezi koma asilamu saonjezera mwezi wa 13 uja, nchifukwa chake Ramadan imayenda chaka chonse, pena dzinja pena chilimwe, pomwe zikondwerero za ahindu zimangovinavina pa nyengo yomweyo. Pa zimenezi zikondwerero za ahindu zikufanana ndi Pasaka wa akhirisitu yemwe naye amadikira mwezi udzaze koma sachoka mu Malichi ndi Epulo. Kwinanso, ahindu alibe mwezi umodzi omwe aliyense akukakamizidwa kusala, munthu amasankha malinga ndi mulungu yemwe amamukonda komanso mwambo wa kwawo. Wina amasala Lolemba lililonse mmwezi wa Shravan chifukwa cha mulungu wawo Shiva, wina pa Maha Shivaratri cha mu Febuluwale kapena Malichi amachezera usiku onse kukachisi, pa Janmashtami cha mu Ogasiti kapena koyambirira kwa Seputembala amasala mpaka 12 koloko usiku poti ndi nthawi yomwe amati mulungu wawo Krishna anabadwa. Navratri ndi masiku 9 chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, masana farali usiku gule wa garba mpaka miyendo kuwawa, ndipo amayi apabanja a kumpoto kwa India ali ndi Karva Chauth yomwe sadya kapena kumwa kanthu kuyambira mbandakucha mpaka atauona mwezi ndi maso, kupempherera amuna awo moyo wautali, kukachita mitambo ndiye mavuto. Holi, ija amathirana utoto, ndi ya mwezi wodzaza wa Phalguna, nthawi zambiri mu Malichi, imeneyo ndi yodya ndi kusewera. Chomwe sichisunthasuntha ndi Makar Sankranti, chimagwa pa 14 kapena 15 Januwale chifukwa chimenechi amawerengera dzuwa, ku Gujarat tsikulo anthu amakwera pamadenga kuulutsa makaiti.