Bambo ali ndi Parkinson ndi BP, tsopano akuchedwa kuyankha: vuto ndi liti?

Mayi wina wanditumizira imelo. Bambo awo anawapeza ndi matenda a Parkinson (matenda a mu ubongo ochititsa kunjenjemera ndi kuuma thupi) zaka zingapo zapitazo, komanso ali ndi BP. Masiku ano akafunsidwa kanthu amayamba akhala chete, ndalama zikuwasokoneza powerengera, ndipo mayiwa akufuna kudziwa kuti wachititsa ndi Parkinson kapena BP.

Amayi, n'kutheka kuti ndi zonse ziwiri.

James Parkinson, dokotala wa ku London, atafotokoza matendawa mu 1817, ankaona ngati nzeru za wodwala sizikhudzidwa. Pamenepo mkuluyu anaphonya. Matendawa amapha maselo a mu ubongo opanga dopamine, mankhwala achilengedwe otumiza mauthenga mu ubongo, ndipo dopamine sathandiza manja ndi miyendo yokha ayi. Amathandizanso munthu kudziwa choyamba ndi chotsatira, kusiya ntchito ina n'kugwira ina, komanso kumvetsera anthu awiri akulankhula. Ndiye maganizo amayenda pang'onopang'ono ngati mmene thupi lachitira.

Tayesani izi. Afunseni kuti anabwera dzulo ndani. Akakhala chete, atchulireni mayina awiri. Nthawi zambiri wodwala Parkinson amasankha lolondola, chifukwa nkhaniyo ili m'mutu, chikuvuta n'kuitulutsa. Wodwala Alzheimer, matenda oiwalitsa, kawirikawiri ngakhale mumuthandize choncho sakumbuka, poti nkhaniyo sinalowe n'komwe. Choncho musamawayankhire mwachangu bambowo. Funso limodzi, kenako dikirani.

Za BP nazo n'zosanyozeka. BP ikakhala yokwera kwa zaka zambiri, makamaka pamodzi ndi shuga kapena fodya, imawononga timitsempha ta magazi ta mkati mwa ubongo. Munthu amatha kuchita timasitiroko ting'onoting'ono popanda kupindika pakamwa kapena kufa mkono. Ena nzeru zawo zimatsika mwadzidzidzi, n'kukhala chimodzimodzi miyezi ingapo, n'kudzatsikanso. Sikani ya MRI, yojambula mkati mwa ubongo, imaonetsa zipsera zimenezi. Ine ndikanalimbikira mbali imeneyi, chifukwa Parkinson sitingamuimitse, koma BP ndi shuga zimatheka kuziwongolera.

Chenjerani chabe: Parkinson ndi mankhwala ake, monga levodopa, amatha kutsitsa BP munthu akaimirira, n'kumva chizungulire kapena kugwa. Pemphani kuti aziwayeza atagona komanso ataimirira.

Popita kwa dokotala, tengani mankhwala onse m'mapaketi ake, ngakhale ogula nokha. Trihexyphenidyl, amene ena amapatsidwa kuti achepetse kunjenjemera, amasokoneza mutu achikulire ambiri. Ndipo bambo akayamba kuona anthu kapena nyama zomwe palibe, zomwe zimachitika ndi matendawa, asapatsidwe mwachisawawa haloperidol, mankhwala a matenda a maganizo, chifukwa amaumitsa thupi kwambiri. Musawasiyitse nokha mankhwala alionse.

Akasokonezeka mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, musanene kuti ndi matenda awo aja. Angakhale matenda a m'chikhodzodzo, chibayo kapena sitiroko. Thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.