Achemwali a ku Machinjiri, funso lanu landikumbutsa makina a mayi aang'ono

Kalata yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku magetsi atazima, ndipo tulo sindinatione bwino. Mwati mnzanu wa kuntchito ndi Msilamu, sanama, saba, amaswali kasanu pa tsiku, pomwe amene amasowetsa ndalama m'kabati ndi anthu a Baibulo m'chikwama. Tsiku lina anakufunsani mwaulemu kuti Chikhristu chimasiyana pati ndi zipembedzo zina, inu n'kusowa chonena.

Ndiyankha, koma mundilole ndiyambe ndi nkhani imene sindinailembepo.

Mu 2002, chaka cha njala chija, ndinali ndi zaka 23, ndikukhala ku Ndirande m'kachipinda ka lendi. Kumpingo kwathu ndinali msungichuma wa kwaya ya achinyamata, ndipo tinkasonkha ndalama zogulira kiyibodi. Anzanga ankabweretsa timakobiri ta maganyu, wina atatunga madzi, wina atasenza katundu kumsika. Ndalamazo zinkagona m'chitini pansi pa matiresi anga. Chimanga chitakwera mtengo ndinatapako pang'ono, ndikudziuza kuti ndibweza mwezi ukatha. Ndikanakonda kunena kuti zonse zinapita ku ufa, koma ayi. Zina zinapita ku nsapato, zina ku mowa umene ndinkakamwera ku Mbayani, komwe a kwaya sakanandiona. Pofika Pasaka m'chitini munatsala timapepala tokhatokha.

Atandifunsa pamsonkhano ndinanama. Ndinati ndalama zina sizinandifike, n'kuloza chala mlembi wathu, mtsikana amene sanakhudzepo ngakhale tambala. Analira pamaso pa anthu. Ine maso ali pansi, mtima uli gwa.

Patapita milungu iwiri tcheyamani anandiimitsa panjira n'kundiuza kuti nkhani yatha, ndalama zapezeka zonse. Sindinafunse kuti zapezeka bwanji, poopa kudziulula. Loweruka lake ndinapita ku Chilomoni kwa mayi aang'ono, amene anandilera amayi anga atamwalira. Iwo ankasoka pakhonde: mayunifolomu a sukulu, madiresi a zitenje, zigamba. Makina awo anali akale aja, akuda, opalasa ndi phazi, ndipo ukamayandikira nyumba unkayamba kumva phokoso lake usanawaone eni ake. Tsiku limenelo kunali zii. Pakhonde panali zipsera zinayi pamene miyendo yachitsulo inadya pansi kwa zaka zambiri, ndi timaulusi tofiira tomwe tsache linasiya m'mbali mwa khoma. Makina panalibe.

Anatuluka atanyamula nsima ya mgaiwa ndi khwanya, n'kungoti, "Samba m'manja, mwana wanga, udye." Sanandikalipire, sanandifunse kanthu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mlembi uja anapita kwa iwo kukalira, iwo n'kuzindikira okha chimene chinachitika, poti ankandidziwa. Anagulitsa makina kwa telala wina wa ku Limbe, ndalama n'kukapereka kwa tcheyamani. Nthawi imeneyo n'kuti ine ndisanavomere, ndikunamabe, ndikuimba kutsogolo ngati palibe chachitika. Nsima ija inakanika kutsika kukhosi.

Lamulungu lotsatira ndinaimirira pamaso pa kwaya ndi akulu a mpingo n'kuulula zonse. Ndinapepesa mtsikana uja, ndinadulidwa kwa kanthawi, ndipo zinali zoyenera. Koma taonani mmene zinatsatirana, achemwali. Ngongole inalipidwa kaye, kulapa kunabwera pambuyo. Chimene chinandigwetsa pansi ndi khonde lopanda makina lija. Vesi la Aroma 5:8, lonena kuti Khristu anatifera tikadali ochimwa, ndinali nditaliloweza ku Sande sukulu ndili mwana, koma ndinalimvetsa tsiku limenelo, mbale ya nsima ili pamiyendo.

Tsono za mnzanuyo. Ine ndinali naye wanga. Eni nyumba imene ndinkachita lendi anali bambo achiyao ochokera ku Mangochi, akalipentala. Mbandakucha ndinkamva madzi akukhavukira kuseri, akusamba kukonzekera swala. M'mwezi wa Ramadani ankapala matabwa padzuwa tsiku lonse osalawa ngakhale dontho la madzi, madzulo n'kumutuma mwana kuti andibweretsere mbale ya futali. Kasitomala akawapatsa ndalama zopitirira ankamuthamangira mpaka pa siteji. Pa khalidwe sindinkawayandikira n'komwe. Nchifukwa chake ndikuti lekani kufunafuna kusiyanaku pa makhalidwe a anthu, mudzachita manyazi tsiku lililonse. Mbiri ya dera lathu lomwe lino ikukutsutsani. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga ndi anthu akuno pakati pa 1888 ndi 1891, chikadaimabe mpaka lero. Koma pa nthawi yomwe nyimbo zinkamveka mmenemo, ku minda ya ku Magomero anthu ankagwira thangata kwa azungu ochokera kudziko lomwe linatumiza amishoniwo, mpaka mbusa John Chilembwe anawaukira mu Januwale 1915. Dzina la Khristu linali mbali zonse ziwiri.

Ndimamvanso alaliki ena akukuwa kuti zipembedzo zina sizidziwa chifundo. Limeneli ndi bodza, ndipo musadzalinene kwa mnzanuyo. Mwa masura (mitu) 114 a Korani, onse kupatula imodzi amayamba ndi dzina la Mulungu wachifundo. Asilamu amalemekeza Yesu, amene amamutcha Isa, amakhulupirira kuti anabadwa mwa namwali, ndipo sura 19 imatchedwa ndi dzina la Mariya. Zimene mayi aang'ono anachita, mayi wachisilamu akhozanso kuchitira mwana wake, ndipo ambiri amachita.

Pomwe timasiyana anandionetsa ndi eni nyumba omwewo. Madzulo ena, atakhala pabenchi ufa wa matabwa uli mbuu m'ndevu, anandifunsa kuti, "Achimwene, inu mumati Yesu ndi Mulungu, ndipo anafa. Ndiye masiku atatuwo dziko analisiyira ndani?" Sankanyoza, ankafunadi kudziwa. Ndinachita chibwibwi. Lero ndikanawayankha kuti Mwana ndiye anafa m'thupi, Atate sanachoke pampando. Koma funso lawo linagunda pamalo penipeni. Korani pa sura 4 ndime 157 imati Isa sanaphedwe ndipo sanapachikidwe, ndipo sura 112 imati Mulungu sanabereke kapena kuberekedwa. Iwo akuteteza ulemu wa Mulungu: Wamkulukulu sangavale thupi, sangamve ludzu, sangalole mtumiki wake kuthiridwa malovu ndi asilikali. Ife tikunena kuti anachita zimenezo mwadala. Sitikungoti Mulungu amakhululuka. Tikuti kukhululuka kuli ndi mtengo, ndipo amene anagulitsa makina ake ndi Mulungu mwini, ife tikadali pamsonkhano kuloza chala munthu wosalakwa. Mawu awiriwa sangakhale oona onse pamodzi. Choona n'chimodzi: anapachikidwa kapena sanapachikidwe. Amene amati zipembedzo zonse n'chimodzimodzi sanamvetsere Msilamu, sanamvetserenso Mkhristu, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko n'kupeputsa onse awiri.

Agogo ndi nsembe ya ufa

Agogo anga aakazi a ku Thyolo anabatizidwa atakalamba. Ndili mwana ndinawaonapo akuthira ufa patsinde pa mtengo wa mpoza, akutchula mayina a amalume ndi azigogo amene anatsogola, kuti atipepesere kwa Chauta mvula igwe. Amishoni sanatibweretsere Mulungu m'sutikesi. Mayina akuti Chauta, Namalenga, Mphambe anawapeza kuno, ndipo ku Khulubvi ku Nsanje kachisi wa Mbona akadalipo, anthu amapitabe kukapempha mvula. Agogo ankadziwa kuti Namalenga alipo, koma kwa iwo anali ngati mfumu yaikulu imene sulowa kwake wekha, umadzera mwa ankhoswe, ndipo supita chimanjamanja.

Moyo wathu wonse umayenda choncho. Kupatsa n'kuika. Ukamathawa maliro a anzako, tsiku lako adzukulu adzakhala pansi makasu ali m'manja, kudikira kuti abale ako alipe kaye. Mwambo umenewu sindiunyoza, ndiwo watisunga m'njala ndi m'matenda. Vuto ndi loti mtima wa munthu umatenga muyezo womwewo n'kupita nawo kwa Mulungu: ndaika zanga, tsono Iye andibwezere. Uthenga wa Yesu umagubuduza zimenezi. Nsembe inaperekedwa ndi yemwe ankayenera kuilandira, ndipo nkhoswe ndi Mwana wa mfumu yemweyo.

Chimene chikundiwawa

Apa ndiye ndilankhule mosapsatira. Chimene chikufafaniza kusiyanaku mu Blantyre muno si mzikiti, si gule wamkulu. Ndife eni ake. Yendani mu Limbe muwerenge zikwangwani, kwerani minibasi muone masitika pagalasi. Fesa mbewu ya ndalama zakuti upeze ntchito. Gula madzi odzozedwa, gula mafuta, lipira kuti uonane ndi apapa paokha. Mayi wogulitsa tomato amapereka mpamba wake wonse, ndipo zikakanika amamuuza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Ameneyu si Khristu amene ndinakumana naye pakhonde la ku Chilomoni. Amenewa ndi malonda, ndipo agogo anga ndi ufa wawo anali oona mtima kuposa zimenezi, chifukwa panalibe munthu wogulira galimoto ufa umenewo. M'buku la Machitidwe mutu 8, Simoni wamatsenga atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti awonongeke pamodzi ndi ndalama zakezo. Mkangano wa Martin Luther mu 1517 unayambiranso pa nkhani yomweyi yogulitsa chikhululukiro. Patha zaka zoposa 500 ife n'kutsegulanso okala yomwe ija.

Ndipo ife a mipingo yakale tisaloze chala anzathu okha. Ndinakhalapo pamaliro pomwe anthu ankanong'onezana kuti mpingo suimba chifukwa kadi ya malemu ya chopereka inali ndi mipata. Wamasiye ali pamphasa, anthu akuwerenga miyezi. Chigawenga chimene chinapachikidwa pambali pa Yesu, pa Luka 23, chinalibe kadi, sichinalowe kalasi, manja ake anali okhomedwa moti sichikanatha kuchita ntchito yabwino ngakhale imodzi. Chinangopempha kukumbukiridwa, n'kulonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo. Ngati mnzanu wa kuntchito akuona Chikhristu cha makadi ndi mbewu, ali ndi chifukwa chofunsira kuti kusiyana kuli pati. Iye ali ndi mizati isanu yomveka bwino, shahada (kuvomereza chikhulupiriro), swala, zakati (chopereka chothandizira osauka), kusala ndi ulendo wa ku Makka, ndipo amaisunga. Ife tikasandutsa chikhulupiriro chathu kukhala mndandanda wa zolipira, tapanga chipembedzo cha malamulo chomwe ngakhale ifeyo sitichisunga.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagumula phiri la Soche, ndinapita ku Chilobwe ndi khasu ngati anthu ena ambiri. M'matope aja munalibe wofunsa mnzake kuti amapemphera kuti. Wa kofia ndi wa kolona ankakoka mwala umodzi. Panali mayi wina atakhala pa chidutswa cha khoma, atafumbata nsapato imodzi ya mwana, osalira, osalankhula. Ndinalibe chomufotokozera, ndipo aliyense amene akanayesa kumuuza chifukwa chake zinachitika ndikanamuletsa. Chimene ndinali nacho mumtima n'chakuti Mulungu amene ndimapembedza analirapo pamanda a bwenzi lake Lazaro, anakulungidwapo mu nsalu, anaikidwapo m'manda ndi anthu omukonda. Kumene kunali ana amene anafera m'matope aja, Iye anafikako. Ndipo tikunena kuti anatulukako.

Chimenechi ndi chinthu china chimene anthu sachilingalira. Chikhristu chinapachika zonse pa chinthu chimene chinachitika pa malo odziwika, pa nthawi yodziwika, Pontiyo Pilato akulamulira Yudeya pakati pa chaka cha 26 ndi 36. Paulo pa 1 Akorinto 15 ananena poyera kuti ngati Khristu sanauke, kulalikira kwathu n'kwachabe ndipo chikhulupiriro chathunso n'chachabe. Malangizo oti usabe, usaphe, lemekeza makolo, agogo anga anali nawo kale, eni nyumba aja analinso nawo. Ukachotsa manda opanda kanthu, ife tilibe chatsopano chimene tabweretsa.

Tsono mumuyankhe bwanji? Poyamba muvomereni kuti za akuba a m'kabati ndi zoona, musawaikire kumbuyo. Kenako muuzeni mwachidule kuti inu simukhulupirira kuti ndinu wabwino kuposa iye, koma kuti Mulungu anabwera yekha mwa Yesu, analipira ngongole yanu musanapemphe, ndipo anauka. Mukatero mufunseni zimene iye amayembekezera pa tsiku la chiweruzo, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Musanatero werengani nokha Luka 15 ndi 23, kapena Marko yense, mitu yake ndi 16 yokha. Akakupatsani futali landirani, kwawo kukagwa zovuta pitani mukagone kusiwa.

Mayi aang'ono ndinawagulira makina ena patapita zaka zinayi, amagetsi. Anawalandira, koma sanawazolowere kwenikweni, ankati phazi lawo likusowa chochita, ndipo magetsi akazima ankangokhala pakhonde nsalu ili pamiyendo. Anasokerabe mpaka maso atayamba kuvuta. Nkhani ya chitini ija sanaitchulepo mpaka tsiku limene tinawaperekeza.