Mzere 13 unapita kuti m'ndege?

Mayi ena omwe akugwira ntchito ya unamwino ku Manchester andilembera imelo. Akuti atakwera ndege ya Lufthansa anaona kuti mipando yachoka pa mzere 12 n'kudumphira pa 14, ndiye akufunsa kuti kodi azungu nawonso amakhulupirira zamalodza?

Eya mayi, amakhulupirira ndithu, kungoti zawozo amazivekera tayi. 13 amamuopa kwabasi, nyumba zambiri zosanja ku America mukakwera lifiti simupeza batani la 13. Ambiri amaloza ku mgonero womaliza, paja patebulo panali anthu 13 kuphatikiza Yudasi, ndipo mawa lake Lachisanu Yesu anapachikidwa. Ena amatchulanso Lachisanu pa 13 Okutobala 1307 pomwe mfumu Philip IV ya France inamanga a Knights Templar, gulu la asilikali achikhristu a nthawi imeneyo, koma zimenezo anthu anachita kuzimata pambuyo pake.

Koma yomwe imandiseketsa ine ndi ya hotela ya Savoy ku London. Mu 1898 mponda matiki wina wa migodi ya ku Joni, Woolf Joel, anaitana anzake kudzadya ndiye nkhani imati m'modzi sanabwere nakhala anthu 13, ndipo patangopita masabata ochepa mkuluyo anawomberedwa ku Johannesburg. Hotela inachita mantha zedi mpaka m'zaka za m'ma 1920 anasemetsa mphaka wakuda wamtengo dzina lake Kaspar, moti mukakwana 13 amamukhazika pampando ngati mlendo wa nambala 14, kumumanga kansalu m'khosi, chakudya kumuikira ngati wina aliyense. Agogo athu akanachita zimenezi bwenzi atatchedwa mfiti.

A ndegewo sikuti onse amaopa ayi, ndi bizinezi, safuna kasitomala azikana mpando. Lufthansa yomweyo ilibenso mzere 17 chifukwa ku Italy nambala yatsoka ndi imeneyo. Ku Spain ndi Greece tsiku loipa ndi Lachiwiri pa 13, osati Lachisanu, ndiye mutha kuona kuti ngakhale iwo eni sagwirizana.

7 yekha ndiye amamukonda, pa 7 Julayi 2007 maukwati anachita kuthithikana ku America ndi ku Ulaya. Koma tsoka la 13 Gerd Müller wa Germany silinamupeze, anavala jezi imeneyo pa World Cup ya 1970 n'kumwetsa zigoli 10.