Mawu opanda mwini wake: ofufuza afika pati?

FUNSO: Mlongo wanga wa zaka 24 amamva mawu omunyoza pomwe palibe munthu. Wakhala akumwa haloperidol chaka chathunthu, mawuwo achepa koma sanatheretu. Kumudzi akuti walodzedwa. Kodi akatswiri atulukira chiyani pa vutoli?
Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Mayi, mlongo wanuyo sakunama, mawuwo amawamvadi. Mu 1993 ofufuza a ku London anajambula ubongo wa odwala pa nthawi yomwe mawuwo akumveka, ndipo anapeza kuti mbali ya ubongo yokonza zolankhula, yotchedwa Broca, inali pa ntchito. Tonsefe timadziyankhulira chamumtima. Ofufuza ambiri akuganiza kuti ubongo umadziwiratu kuti mawu otere ndi ake omwe, koma ukalephera kuwazindikira, amamveka ngati a munthu wina. Ku yunivesite ya Yale ku America mu 2017 anazoloweretsa anthu kuona chithunzi pamodzi ndi kaphokoso, kenaka nkuonetsa chithunzi chokha. Anthu omva mawu ndiwo ankanena kwambiri kuti kaphokosoko akumvabe. Ubongo wawo umakhulupirira zomwe ukuyembekezera kuposa zomwe khutu lamva.

Mankhwala a haloperidol ndi chlorpromazine amatchinga dopamine, kemikolo yonyamula mauthenga mu ubongo, koma pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu sathandizika mokwanira. Kwa otere pali clozapine, amene amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi chifukwa amatha kuchepetsa maselo oyera a m'magazi, omwe amateteza thupi ku matenda. Mu 2024 ku America anavomereza Cobenfy, mankhwala osadzera pa dopamine, ngakhale kuno tisawayembekezere msanga.

Chomwe chikutipatsa chidwi kwambiri ndi njira ya avatar. Wodwala amapanga pa kompyuta nkhope ndi liwu lofanana ndi la womunyozayo. Dokotala amalankhula kudzera mu nkhopeyo, wodwalayo nkumaphunzira kuyankha molimba mtima mpaka nkhopeyo iyambe kugonja. Pa kafukufuku wa 2018 wa anthu 150, omwe anakumana ndi avatar kasanu ndi kamodzi anali bwino pa masabata 12 kuposa olandira uphungu wamba, koma pofika masabata 24 kusiyanako kunatha. Cholinga apa si kungozimitsa mawu, koma kuwalanda mphamvu.

Chikhalidwe nachonso chili ndi mbali. Wofufuza wa ku America Tanya Luhrmann anafunsa odwala 20 ku California ku America, 20 ku Accra ku Ghana ndi 20 ku Chennai ku India. A ku California ankamva kwambiri mawu ankhanza, pomwe ambiri a ku Accra ankati akumva Mulungu ndipo a ku Chennai ankamva abale awo.

Pa tsiku la kiliniki mupite naye, muwafotokozere anamwino a matenda a ubongo kuti mawuwo amabwera nthawi yanji komanso amanena chiyani, ndipo mufunse ngati mlingo kapena mtundu wa mankhwala ungasinthidwe. Chamba, kachasu ndi kusagona zimakulitsa mawuwo. Asasiye mankhwala mwadzidzidzi ngakhale akupita ku mapemphero. Mawuwo akayamba kumulamula kuti adzivulaze kapena avulaze ena, musadikire tsiku la kiliniki, thamangirani naye ku chipatala tsiku lomwelo.