Bala yoyandikana nayo ikusokosa mpaka m'bandakucha, kodi lamulo likuti chani?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukhala pa lendi pa tauni ina ya m'mbali mwa msewu wa M1 ku Chikwawa kuno. Dzina sindilemba. Mwachidule akuti kuseri kwa nyumba yawo munthu watsegula bala, masipika awiri akuluakulu wawayika panja, nyimbo zikumayamba cha m'ma 7 madzulo mpaka 3 koloko m'bandakucha, Lachisanu ndi Loweruka ndiye mpaka kuyera. Ali ndi khanda la miyezi inayi, apongozi awo ndi a BP, bambo a kunyumba amagwira ntchito ya mashifiti ku minda ya nzimbe. Atakadandaula, mwini bala anawauza kuti iye ali ndi layisensi, malowo ndi a bizinesi, ofuna bata apite kumudzi. Ndiye akufunsa, kodi phokoso ndi mlandu ku Malawi kuno, chilango chake nchotani, nanga apite kuti?

Amayi, pepani kwambiri ndi zomwe mukudutsamozi. Inde, ndi mlandu. Ndipo layisensi yomwe akukuopsezani nayoyo ndi yomwe ingakuthandizeni kwambiri, ndifikapo.

Ndiyambe ndi ichi chifukwa anthu ena amaona ngati kudandaula za phokoso nkudzimva. Munthu wa ku Dedza phokoso likachuluka atseka mawindo, afunda bulangete, agona. Ife kuno kuchigwa October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40, malata amakhala akuotchabe mpaka pakati pa usiku, mawindo sungatseke, ambiri timatulutsa mphasa ndi neti nkugona pakhonde kapena pabwalo penipeni, ndiye sipika ikakhala kuseri kwa mpanda wa bango palibe chotchinga chilichonse pakati pa iyo ndi khutu la khanda lanu. A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO amati kuti munthu agone bwino phokoso la m'chipinda lisapyole ma decibel 30 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), pomwe kucheza wamba kwa anthu awiri kumakhala cha m'ma 60, ndipo phokoso lopyola 85 likamamveka maola ambiri tsiku ndi tsiku limaononga makutu. Kusagona kwa masabata kumakweza BP. Bambo amene sanagone kenako nkukagwira chikwanje kapena kuyendetsa thirakitala m'mamawa, ngozi ili pafupi. Ndiye musachite manyazi, nkhani yanuyi ndi ya thanzi.

Tsopano lamulo. Loyamba ndi Penal Code, buku lija la milandu ndi zilango. Gawo 168 likunena za munthu amene akuchita chinthu chosautsa kapena chosokoneza anthu ambiri pa ufulu wawo, ndipo chilango chake chimafika chaka chimodzi kundende. M'buku lomwelo muli gawo lina lomwe likutchula phokoso mwachindunji, likuti amene akuchita phokoso lalikulu chifukwa cha malonda kapena chifukwa china chilichonse, pamalo poti likusautsa anthu ochuluka, alangidwe chimodzimodzi. Gawo 168 lija likuwonjezanso kuti zilibe kanthu ngakhale osangalala ndi chinthucho atachuluka kuposa osautsidwa. Choncho zoti makasitomala ake amakonda nyimbo zokweza si chodzitetezera.

Koma taonani mawu oti anthu ochuluka. Apa mpamene ambiri amagwera. Mukapita nokha ku polisi zimaoneka ngati mkangano wa anthu awiri oyandikana nyumba ndipo akubwezani kuti mukakambirane. Mukapita mabanja asanu ndi atatu kapena khumi, ndi kalata yoti aliyense wasayina kapena kudinda chala, nkhaniyo yasanduka ya mudzi, ndipo yalowa ndendende m'mawu a lamulo lija. Ndikukhulupirira kuti si inu nokha amene simukugona. Yendani khomo ndi khomo, mupeza aphunzitsi amene akulephera kukonzekera phunziro, mwana wa Fomu 4 amene akulephera kuwerenga, agogo amene angotopa nkungokhala chete poopa kudana ndi munthu wa ndalama.

Lamulo lachiwiri ndi Environment Management Act la 2017, lomwe linalowa m'malo mwa la 1996 ndipo linakhazikitsa bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA. Limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo osaononga thanzi lake, limawerengera phokoso m'gulu la zoononga chilengedwe limodzi ndi utsi ndi fungo loipa, ndipo limalola munthu wamba kukasuma kukhoti pofuna kuteteza ufulu umenewu. Likulu la MEPA lili ku Lilongwe, koma simukuyenera kukwera basi mpaka kumeneko, ku khonsolo ya boma kuli ofesala woona za chilengedwe komanso a zaumoyo aja oyendera malo ogulitsira zakudya ndi mowa.

Ndiye tifike pa layisensi. Layisensi yogulitsira mowa imaperekedwa ndi khonsolo motsatira Liquor Act, imakhala ndi nthawi yotsegulira ndi yotsekera, ndipo imakonzedwanso chaka ndi chaka. Ndi chilolezo chogulitsa mowa basi, sichinena kuti tulutsa masipika panja anthu asagone. Khonsolo ilinso ndi mphamvu pansi pa Local Government Act ya 1998 yopanga malamulo ake aang'onoang'ono a m'boma lake. Ine maganizo anga ndi awa: mwini bala saopa kwenikweni chaka cha kundende chija chifukwa akudziwa kuti milandu yotere siifika kawirikawiri pamenepo, chimene amaopa ndi kutsekeredwa bala kumapeto kwa mwezi anthu a ku esiteti atalandira, kapena kukanizidwa layisensi chaka chamawa. Ndiye mphamvu zanu zambiri ikani kumeneko. Pemphani a khonsolo akuuzeni kuti layisensi ya bala imeneyi ndi ya mtundu wanji ndipo ikulola mpaka nthawi yanji. Nthawi zina mupeza kuti munthu ali ndi layisensi ya botolo sitolo, yogulitsa anthu nkumapita, koma iye wayisandutsa malo ovinira.

Musanapite kulikonse, gulani kope la sukulu lija la masamba ochepa. Usiku uliwonse lembani deti, nthawi yomwe nyimbo zayamba, nthawi yomwe zatha. Jambulani pa foni mutaima m'chipinda chanu chogona, mphindi imodzi yokha ikwana, ndipo poyamba kujambula nenani mokweza deti ndi nthawi, mwachitsanzo lero ndi Loweruka, 2 koloko usiku, ndili kuchipinda. Ngati foni yanu ndi ya intaneti pali ma app aulere oyeza phokoso, sayeza molondola ngati makina a boma koma amaonetsa kusiyana kwa usiku wa phokoso ndi usiku woti magetsi azima. Apongozi akapita kuchipatala, zomwe adokotala alemba m'kabuku ka kuchipatala kaja sungani bwino. Chitani zimenezi masabata awiri kapena atatu.

Kenako yambirani kwa a nyakwawa kapena a gulupu, pamodzi ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi ndi wapampando wa msika ngati alipo. Ena anganene kuti nkutaya nthawi, ine ndikuti ayi, kuno kwathu kudumpha mfumu kumakubwerera, ndipo a polisi ndi a khonsolo funso lawo loyamba lidzakhala loti kodi amfumu akudziwa. Pabwalopo musapemphe kuti bala itsekedwe, munthuyo nayenso akudyetsa ana ake ndipo anthu akuonani ngati wansanje. Pemphani zinthu zooneka: masipika alowe m'kati, ayang'ane kumsewu osati kunyumba za anthu, ikakwana 10 koloko voliyumu itsike, nthawi yotsekera itsatidwe. Zomwe mwagwirizana zilembedwe, amfumu adinde chidindo, inu mutenge kope lanu. A landilodi anu muwatengeko, nawonso zikuwakhudza chifukwa nyumba yoti anthu sagonamo alendi sakhalitsa.

Akaphwanya pangano, lembani kalata kwa bwanamkubwa wa boma, a DC, ina kwa mkulu wa polisi ya kwanuko, khansala wa dera lanu mumupatsenso yake. Kalata iliyonse mupite ndi makope awiri, imodzi musiye, inayo akudindireni kuti alandira. Ku polisi pemphani kuti dandaulo lanu lilembedwe m'buku lawo ndipo akupatseni nambala yake. Nkhani ikapita kwa majisitireti ngati mlandu wa boma, wozenga ndi wapolisi, inu mumangokhala mboni, simulipira loya.

Palinso njira yoti inuyo musume nokha, ngakhale muli pa lendi, kupempha khoti chiletso choti phokoso lisiye komanso chipukuta misozi. Chiletso chotere chimatengedwa ku High Court, kwa ife ndiye kukwera Thabwa mpaka ku Blantyre, ndipo pamafunika loya, apa ngati ndalama palibe pitani ku Legal Aid Bureau, ndi ofesi ya boma yothandiza anthu osakwanitsa kulipira maloya. Wina akadzakuuzani kuti bizinesi inayamba kale inu musanabwere, dziwani kuti makhoti athu amatsatanso zigamulo zakale za ku England, ndipo kuli mlandu wodziwika wa 1879 ku London, Sturges ndi Bridgman, pomwe wopanga maswiti anakhala akusinja zinthu zake m'mitondo zaka zoposa 20 popanda wodandaula, kenako dokotala woyandikana naye anamanga chipinda choonera odwala pafupi ndi khomalo, phokoso linamusokoneza, ndipo khoti linaweruza mokomera dokotalayo. Kuyamba kufika pamalo sikupatsa munthu ufulu wosautsa anzake.

Ngati mwalemba makalata, muli ndi makope odindidwa, miyezi ikupita ofesi ya boma osachitapo kanthu, kadandauleni kwa Ombudsman, ntchito yake ndi yomweyo yofufuza maofesi a boma amene sakuthandiza anthu, ndipo salipiritsa.

Ena andifunsa kuti nanga maliro, ukwati, chinkhoswe, mapemphero a usiku wonse? Siwa ya maliro kapena ukwati wa tsiku limodzi tonse timapirira, mawa zidzakhala pakhomo pathu, ndipo khoti nalo limayang'ana kuti phokosolo likuchitika kangati, nthawi yanji, kwa maola angati. Koma tchalitchi yoti sipika ili pamtengo usiku uliwonse, chigayo chogaya 2 koloko usiku pakati pa nyumba za anthu, kapena vidiyo sho yokweza mpaka kucha, lamulo lija likuwakhudza mofanana ndi bala.

Chomaliza amayi, ndipo ichi muwauzenso bambo a kunyumba chifukwa munthu wosagona mtima umafupika. Asapite kukadula waya, kugenda sipika kapena kukatukwana pa bala usiku. Kuononga katundu wa munthu ndi mlandu pawokha m'buku lomwe lija, kuchita zoyambitsa chisokonezo ndi mlandunso, ndipo mwini bala adzathamangira ku polisi m'mawa womwewo ali ndi mboni zodzaza bala, bambo nkugona m'chitokosi, nkhani ya phokoso osakambidwanso. Phokoso likafika poipa usiku, imbirani a chitetezo cha m'mudzi kapena a polisi abwere adzamve okha, inu mulembe m'kope muja nthawi yomwe mwaimba ndi amene wabwera.