Kwacha yathu ya Zambia ndi ya ku Malawi zinatembenukirana liti?

Achimwene, mwafunsa ngati amalume anu akunena zoona kuti kale kwacha imodzi ya ku Malawi inkagula makwacha ambirimbiri a kuno, pomwe lero pa boda ya Mwami yathu imodzi ndiyo ikugula makumi angapo a kwawoko. Musawatsutse amalumewo, akukumbukira bwino. Chikukusokonezani ndi maziro atatu omwe Bank of Zambia inachotsa pa 1 Januwale 2013.

Ndalama ziwirizi n'zobadwa mimba imodzi. Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland tonse tinkagwira paundi imodzi, ndipo mu 1964 dziko lililonse linatulutsa paundi yake, yolingana ndi ya ku Britain. Kusiyana kunayamba mu Novembala 1967, Britain itatsitsa paundi kuchoka pa $2.80 kufika pa $2.40. Malawi inatsatira, Zambia inakana poti mkuwa unkayenda malonda. Kwacha yathu inabwera pa 16 Januwale 1968, makwacha awiri pa paundi, ndiye inali $1.40. Ya ku Malawi inabwera mu 1971, nayonso iwiri pa paundi, koma inali $1.20. Poyambapo K1 yathu inkagula kwacha imodzi ndi matambala 17.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, madola anayamba kusowa ndipo ngongole zinakula. Chomwe chinathyola msana kwacha yathu ndi okushoni ya madola ya sabata ndi sabata yomwe inayamba mu Okutobala 1985. Isanayambe dola inali cha m'ma K2.20, sabata yoyamba yomweyo inafika pa K5, ndipo mu Epulo 1987 inali itafika cha m'ma K21. Pakati pakepo ndi pomwe panabuka zipolowe za unga ku Copperbelt mu Disembala 1986. Pa 1 Meyi 1987 a Kaunda anasiyana ndi bungwe lobwereketsa ndalama kumayiko la IMF n'kukhomera dola pa K8, koma lamulo silibala madola: ofuna dola ankakaipeza kumbali pamtengo wokwera. Boma la a Chiluba litamasula msika, malo osinthira ndalama analoledwa mu 1992, ndipo mu 1993 mitengo ya zinthu inakwera kupitirira 180 peresenti. Pofika 2012 dola inali cha m'ma K5,200, anthu akuyenda ndi mapepala a K50,000.

Ya ku Malawi inkagwanso, koma modukizadukiza. Inamasulidwa mu Febuluwale 1994, n'kuchoka cha m'ma K4.50 kufika pa K15 chakacho chisanathe. Mu Meyi 2012 boma la mayi Joyce Banda linaitsitsa kuchoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Maziro sanachotsepo n'kamodzi komwe.

Mukafuna kudziwa mtengo wa chaka chilichonse, dzerani pa dola: tengani mtengo wa dola kuno ndi wa ku Malawi wa mwezi womwewo, mugawe. Pakati pa 2012, gawani 5,200 ndi 250, mupeza makwacha athu oposa 20 pa imodzi ya ku Malawi. Ndi zimenezo amalume akukumbukira. Kumayambiriro kwa 2013 dola inali cha m'ma K5.30 kuno, ku Malawi itadutsa K300, ndiye yathu imodzi inkagula pafupifupi 60 kapena kupitirirapo. Palibe chuma chinakula usiku umodziwo, K1,000 inangotchedwa K1. Kumapeto kwa 2023, gawani 1,700 ndi 25, mupeza cha m'ma 68 pa mtengo wa kubanki. Onani kuti pa zaka khumi zimenezo ndalama ziwirizi zinkagwera limodzi.

Kunena mosabisa, yomwe yataya mphamvu kwambiri chiyambire ndi yathu. Bwezerani maziro aja ndipo K25 pa dola ya mu 2023 ija ikhala K25,000, kuyerekeza ndi K1,700. Munthu amene anasunga K100 mu 1968 anali ndi $140. Pa mawerengedwe a lero ndalama imeneyo ndi ngwee 10. N'zopweteka, makamaka mukaganiza za omwe anagwira ntchito kumigodi n'kudzalandira penshoni m'zaka za m'ma 1990.

Pofufuza pa intaneti, samalani zilembo. ZMK ndi kwacha yakale, ZMW ndi yatsopano, MWK ndi ya ku Malawi. Masamba ena anagawiratu mitengo yakale ndi 1,000, moti mukaona dola ya 2005 italembedwa 4.5 musagawenso, tanthauzo lake ndi K4,500. Komanso mtengo wa kubanki si womwe munthu wamba ankasinthira. M'ma 1980 kuno, dola ya mumsewu wa Katondo ku Lusaka inali ndi mtengo wakewake, ndipo ku Malawi zaka zaposachedwazi mtengo wa panja wakhala pamwamba kwambiri pa wa boma. N'chifukwa chake osintha ndalama pa Mwami angakupatseni makwacha ambiri kuposa omwe masamuwa akukuuzani.

Ngati amalume ali ndi mapepala akale a ZMK m'sutikesi, nthawi yosinthira inatha kumapeto kwa 2015, kubanki sakawalandira.